PHUNZIRO 9: MOTO UMENE ULI PANSI PA MAPAZI ATHU

Phunziro la lero nlotalikirapo. Musathamange nalo. Werengani ndime imodzi, mupume, mukambirane, kenaka mupitirize.

Phunziroli lidabadwa ndi funso. Tsiku lina ndidakayendera kalasi ina cha kwa Mkanda. Amai ambiri adafika mochedwa, nkhope zili gwa. Adalawirira ku chigayo, koma magetsi adazima chimanga chili pa mzere. Mai wina adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi magetsiwa amatha bwanji ngati ufa m'dengu? Amachokera kuti makamaka?"

Ndisanayankhe, bambo wina wachikulire adakweza mkono. Iye adati, "Ine ndinagwirako ku Joni. Pansi pa mgodi pamatentha ngati mu uvuni wa njerwa, koma palibe wosonkha moto. Bwanji a boma osatenga moto umenewo nkupangira magetsi?"

Kalasi yonse idafa nacho chiseko. Koma bamboyo sadalakwe ai. Zimene adanenazo zikuchitika kale ku maiko ena, ndipo kwathu kuno akatswiri akhala akuzifufuza kwa zaka zambiri. Tiyeni tizione bwino.

Ndani apalasa?

Ambiri mudaiona dainamo ya njinga. Tayala likamazungulira limapukusa kamutu ka dainamo, nyali nkuyaka. Mukaleka kupalasa, nyali izima. Magetsi a m'nthambo apangidwanso chomwecho. Kusiyana kwake nkwakuti dainamo yake ndi yaikulu ngati nyumba, ndipo dzina lake ndi jenereta. Tsono funso ndi ili: ndani apalasa chinthu chachikulu chotere usana ndi usiku?

Kwathu kuno wopalasa wamkulu ndi mtsinje wa Shire. Madzi akamatsika pa mathithi amakankha gudumu lokhala ndi mapiko, gudumulo nkumazunguza jenereta. Makina a pa Nkula adayamba ntchito mu 1966. Pambuyo pake padabwera a pa Tedzani ndi a pa Kapichira. Kuyambira mu 2017, a EGENCO ndiwo apanga magetsiwo, ndipo a ESCOM ndiwo awagawa m'nthambo mpaka kufika kuno ku Mchinji.

Koma mtsinje uli ngati munthu, umadwala. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi a m'nyanja adatsika, Shire adafooka, ndipo magetsi ankazima tsiku ndi tsiku. Mu Januwale 2022 lidali vuto lina: madzi adachuluka. Namondwe wotchedwa Ana adaononga damu la Kapichira, makina onse a pamenepo nkuima mpaka 2023. Abale athu a ku Chipata naonso adaziona mu 2024, pamene chilala chidaphwetsa damu la Kariba. Ankalandira magetsi maola owerengeka chabe pa tsiku. Madzi akachepa, mdima. Madzi akachuluka, mdimanso.

Dzuwa likutithandiza tsopano. Ku Salima kuli munda waukulu wa magalasi a dzuwa kuyambira mu 2021. Konkuno kwa Sitolo, m'dera la Mfumu Mlonyeni, anthu adalandira magetsi a dzuwa mu 2019. Nzabwino zedi. Chokhacho nchakuti dzuwa limalowa, ndipo mabatire osungira mphamvu yake ngokwera mtengo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko lino, 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi a m'nthambo. Pafupifupi ena onsefe timaphikira nkhuni kapena makala. Yang'anani mapiri athu a Mchinji, muyerekeze ndi mmene adaliri muli ana. Nchifukwa chake tifunika wopalasa wina, amene sadalira mvula ndiponso sagona usiku.

Funsani amene adapita ku Joni

Poyamba tidziwe kayezedwe ka kutentha. Ku chipatala amakuikani kachoyezera m'khwapa. Munthu wabwinobwino chimaonetsa madigiri 37. Chikafika pa 39 kapena 40 timati malungo akula. Madzi amawira pa madigiri ngati 100. Sungani manambala awiriwa, 37 ndi 100, chifukwa tiwafuna kutsogoloku.

M'midzi mwathu mukadali abambo amene adapita ku migodi pa Wenela kapena pa Teba. Afunseni. Adzakuuzani kuti chikepe chikamatsika, kutentha kumanka kukulirakulira. Mgodi wa golide wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, ndi wakuya pafupifupi makilomita 4. Pansi pakepo mwala weniweniwo umatentha madigiri 60. Eni mgodi amachita kutsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira ntchito.

Izi si za ku Joni kokha. Paliponse pamene mungakumbe mozama, nthaka imanka nitentha. M'malo ambiri, mukatsika kilomita imodzi kutentha kumaonjezeka ndi madigiri 25 kapena 30. Kwina kumaonjezeka pang'ono chabe, monga ku Joni komweko. Kwina kumaonjezeka msanga kwambiri. Kusiyana kumeneku ndiko mwini nkhani yonseyi.

Nanga wosonkha motowo ndani? Taganizani za mbatata yootcha. Mukaiphula, khungu limazizira msanga, koma mukainyema mkati mukali moto. Dziko lathu lili chomwecho. Pachiyambi lidali lotentha lonse. Kunja kudazizira, mkati mukutenthabe. Pakati penipeni pa dziko, makilomita oposa 6,000 pansi pa mapazi athu, patentha madigiri oposa 5,000. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri ngati 1,500 chabe. Chinanso nchakuti m'matanthwe muli miyala ina, monga yureniyamu uja wa ku Kayelekera ku Karonga, imene imatulutsa kutentha pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Moto umenewu ulibe malawi, ulibe utsi, ndipo sufuna nkhuni.

Mawira

Pali malo ena pamene kutenthaku kumadzionetsa kokha. Amenewa ndi akasupe a madzi otentha. Amene mudafikako ku Nkhotakota, boma limene mtsinje wathu wa Bua umakathirako m'nyanja, mudamva za Mawira. Dzina lokhalo likunena. Anthu amasambako ndi kuchapako zovala, osasonkha moto. Akasupe otere aliponso ku Liwonde, ku Chikwawa, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Wotentha koposa onse odziwika ali pa Chiweta m'boma la Rumphi, m'tsinde mwa chitunda chachikulu chija. Madzi ake amatuluka ali pa madigiri pafupifupi 80. Dzira limapsa. Ndipo inu okwera basi ya ku Chipata kupita ku Lusaka mumadutsa pafupi ndi kasupe wotere pa Chinyunyu.

Kodi mwaona kuti akasupe a kwathuwa andanda m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire? Si mwangozi ai. Pali chigwa chachikulu chochokera ku Ethiopia, kudzera ku Kenya ndi ku Tanzania, mpaka kwathu kuno. M'chigwa chimenechi dziko likung'ambika. Likung'ambika pang'onopang'ono kwambiri, kuchepera mmene chikhadabo chanu chimakulira. Nyanja yathu idakhala mu mng'alu umenewo. Nchifukwa chake zivomezi zimakonda kumeneko. Achikulire mukumbukira cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989. Ena mudamva za ku Karonga mu Disembala 2009.

Tsono mvula ikagwa m'mapiri, madzi ena amalowa m'ming'alu ya matanthwe. Amatsika, natsika, mpaka makilomita awiri kapena atatu. Kumeneko amakhudzana ndi mwala wotentha. Madzi otentha ngopepuka kuposa ozizira, choncho amakweranso kudzera mu mng'alu wina nkudzatumphuka ngati kasupe. Madzi a pa Mawira ndi mvula yakalekale imene idakaotha moto pansi nkubwerako.

Pano ndikuchenjezeni pang'ono. Madzi a akasupe otentha si abwino kumwa masiku onse. Ambiri ali ndi mchere wina wotchedwa fuloraidi. Mcherewu ukachuluka umadetsa mano a ana, nakhala ofiirira mpaka kalekale. Ndiponso mukapita kukacheza kumeneko, gwirani ana padzanja. Madzi a madigiri 80 amasupula khungu nthawi yomweyo.

Nthunzi ili ndi mphamvu

Amai, mukaphika nyemba nkuvundikira bwino, chivundikiro chimavina. Chimachivinitsa nchiani? Nthunzi. Mukaitsekera nthunzi pamalo pothina nkuitulutsira pa kabowo kamodzi, imatuluka ndi ukali. Ukali umenewo ungathe kukankha gudumu lamapiko lija monga momwe Shire achitira.

Choncho akatswiri amaboola chitsime chakuya mpaka pamene pali madzi otentha koposa. Pansipo madzi amapanikizika, ndipo amatha kufika madigiri 250 kapena 300 osawira. Akamakwera m'paipi, kupanikizika kumachepa, nasanduka nthunzi. Nthunzi ikankha gudumu, gudumu lizunguza jenereta. Ikatha ntchito yake amaiziziritsa, nkubwezera madziwo pansi kudzera pa chitsime china kuti akaothenso moto. Nchifukwa chake timati mphamvu imeneyi ndi yobwereranso. Komabe ili ngati chitsime cha ku dimba. Mukatunga mopyola muyeso chimaphwa, ndipo muyenera kuchidikira.

Oyamba kuyesa adali a ku Italy. Mu 1904, pamalo otchedwa Larderello, munthu wina dzina lake Piero Ginori Conti adayatsa mababu owerengeka ndi nthunzi ya pansi. Mpaka lero malo amenewo akupangabe magetsi.

Koma ife tiyang'ane ku Kenya, pakuti ndi anzathu a m'chigwa chimodzi. Pa Olkaria, kufupi ndi nyanja ya Naivasha, adayamba kuboola m'zaka za m'ma 1950. Sadaphule kanthu, nasiya. Adayambanso m'ma 1970. Makina oyamba adayamba ntchito mu 1981, ndipo ankapanga megawati 15. Megawati ndi muyeso wa magetsi, monga thumba liri muyeso wa chimanga. Kuti mumvetse, makina onse a pa Kapichira amapanga megawati 130. Lero dziko la Kenya limapanga megawati oposa 800 kuchokera pansi pa nthaka. Amenewa aposa magetsi onse a dziko lathu lino kuwaphatikiza pamodzi. Chilala chikagwa ku Kenya, zitsime za nthunzi sizidziwako. Koma werengani zaka: kuyambira pa kuboola koyamba kufika pa babu loyamba padapita zaka zoposa 20.

Nzeru ya kachasu

Tisanamizane. Kwathu kuno si ku Kenya. Pansi pa Olkaria pali mapiri amoto, ndiye mwala wotentha zedi uli pafupi. Akasupe athu alibe zimenezo. Akatswiri aganiza kuti pansi pa Chiweta madzi apitirira madigiri 100, koma safika pa a ku Kenya. Nthunzi yake siingakankhe gudumu mwamphamvu. Nanga tingotaya mtima?

Iai. Pali njira ina, ndipo ndikuuzani kuti m'mudzi mwanu alipo akuidziwa kale. Sindikuti muzitcheza kachasu, ndikungobwereka nzeru yake. Wotcheza sasonkha moto waukulu. Adziwa kuti ukali wa mowa umasanduka nthunzi madzi asanawire, pa madigiri 78. Nthunziyo imadzera mu mpope umene wadutsa m'madzi ozizira, nkusandukanso madontho. Madzi oziziritsawo ndi kachasuyo sizisakanikirana. Zimangopatsana kutentha kudzera pa chitsulo cha mpope.

Makina a magetsi a mtundu uwu achita chimodzimodzi, koma chobwerera m'mbuyo. M'paipi yotsekeka amaikamo mankhwala amadzimadzi amene amawira msanga kuposa kachasu yemwe. Ena amawira pa madigiri 36, kutentha kwa thupi lanu. Paipiyo amaidutsitsa m'madzi otentha ochokera pansi. Mankhwala aja amawira mwaukali, nthunzi yake nkukankha gudumu. Kenaka amaiziziritsa, ibwerera m'paipi, iwiranso. Madzi a pansi aja amabwezedwa kwao. Ndi njira imeneyi, madzi a madigiri 120 kapena 130 angathe kuyatsa tauni.

Komabe anansi athu a ku Zambia adapsa nayo njirayi, ndipo nkhani yao tiimve. Cha m'ma 1986, ndi thandizo la boma la Italy, adaika makina awiri otere pa Kapisya, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Makina adali abwino. Koma zitsime zake zidali zosazama, ndipo madzi amene adapezeka sadatenthe mokwanira. Makinawo adangokhala, osaunikira mudzi ndi umodzi womwe. Adagula mbuzi asanamange khola. Ichi ndicho chifukwa chake kafukufuku ayenera kutsogola.

Kodi amafufuza bwanji?

Munthu sangaone pansi pa nthaka. Nanga akatswiri amadziwa bwanji za madzi amene ali makilomita awiri pansi?

Choyamba amatunga madzi a pa kasupe m'mabotolo nkukawayeza. Mudziwa kuti shuga amasungunuka msanga m'tiyi wotentha kuposa m'madzi ozizira. Mwalanso umasungunuka pang'ono m'madzi, ndipo madzi akatentha kwambiri umasungunuka wambiri. Tsono poyeza kuchuluka kwa mwala wosungunukawo, amadziwa kutentha kumene madziwo adakumana nako pansi, ngakhale kuti adazizira m'njira pokwera.

Chachiwiri mudachionapo. A mijigo asanaboole, amakhoma tizitsulo pansi nkuyala nthambo zazitali. Amatumiza magetsi pang'ono m'nthaka kuti aone mmene akuyendera. Mwala wouma umakaniza magetsi. Mwala wonyowa ndi madzi otentha a mchere umawalola kudutsa. Ofufuza za kutentha achitanso zofanana ndi zomwezo, koma zipangizo zao zimamva zakuya kwambiri. Ndege ya Kauniuni ija, imene inkauluka m'munsi m'zaka za 2013 ndi 2014, inkafuna miyala ya mtengo wapatali. Koma mapu ake amathandizanso kuonetsa pamene padutsa ming'alu.

Ntchito yolemba akasupe athu njakale. Ofesi ya boma yoona za miyala ili ku Zomba, ndipo kale mu 1969 katswiri wina, I. M. Kirkpatrick, adalemba za akasupe otentha a m'Malawi. Cha m'ma 2017, ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, boma lidaitana akatswiri a ku Italy kuti ayendere akasupewa mwatsatanetsatane. Malo awiri ndiwo adaoneka opatsa chiyembekezo koposa: Chiweta ku Rumphi, ndi Kasitu kumpoto kwa boma la Nkhotakota.

Chachitatu ndicho chovuta: kuboola chitsime chakuya choyesera. Mpaka lero m'Malawi mulibe nyumba ya magetsi ya mtundu umenewu, ndipo pamene pagona vuto mpomwepa. Mudziwa mmene zimawawira mudzi ukasonkha njerwa, mchenga ndi ndalama, galimoto loboola nkubwera, koma mjigo nkukhala wouma. Tsono chitsime chimodzi cha makilomita awiri kapena atatu chimadya madola mamiliyoni angapo, ndipo zitsime zoyamba nthawi zambiri zimaphonya. A mabanki safuna kukongoza ndalama madzi asanaoneke. Koma madzi sangaoneke popanda ndalama. Ine ndiona kuti apa mpamene boma ndi maiko otithandiza ayenera kulimba mtima, monga adachitira a ku Kenya, amene boma lao lidasenza lokha ngozi ya zitsime zoyamba.

Nanga ife a ku Mchinji?

Ife tili pamtunda, kutali ndi chigwa. Mwala wa pansi pathu ngwakalekale ndiponso wolimba. Kutentha kulipo ndithu, koma kuli patali. Tiyeni tichite masamu.

Tiyerekeze kuti pamwamba nthaka ili pa madigiri 25, ndipo kilomita iliyonse ionjezera madigiri 25. Tifuna madigiri 150. Chotsani 25 pa 150, patsala 125. Gawani 125 ndi 25, mupeza 5. Ndiye kuti tiyenera kuboola makilomita 5, amene ndi mamita 5,000. Mjigo wa m'mudzi umakhala wakuya mamita ngati 40. Gawani 5,000 ndi 40. Yankho ndi 125. Taganizani, mijigo 125 kuisanjikiza umodzi pansi pa unzake!

Kodi nzotheka? Inde. Ku Russia, pamalo otchedwa Kola, adayamba kuboola mu 1970, ndipo mu 1989 adafika mamita 12,262. Mtunda umenewu uli ngati kuchokera pa Boma la Mchinji kukafika ku chipata cha Mwami, koma choloza pansi. Kukamwa kwa dzenjelo nkongofanana ndi mbale ya nsima. Iwo sankafuna magetsi, ankangofuna kudziwa za miyala. Pansipo adapeza madigiri 180. Koma ku Iceland, dziko la mapiri amoto, mu 2017 adaboola mamita 4,659 okha napeza madigiri 427. Mwaona kusiyana kwa malo?

Vuto lina nlakuti mwala wakuya ngati wathuwu nthawi zambiri ndi wouma, wopanda ming'alu yodutsa madzi. Apa ndi pamene pali kafukufuku watsopano. Akatswiri akuti, ngati chilengedwe sichidaike kasupe, tipange tokha. Amaboola zitsime ziwiri moyandikana. M'chitsime choyamba amapoperamo madzi mwamphamvu mpaka mwala wa pansi uchite ming'alu. Madzi ozizira amalowa m'chitsime choyambacho, nadutsa m'ming'alu ya mwala wotentha, nkutulukira m'chachiwiri ali otentha. Adayamba kuyesa zimenezi ku America m'ma 1970, ndiponso ku France pamalo otchedwa Soultz, pamene zitsime zidafika makilomita 5. Kwa zaka zambiri phindu lidali lochepa. Koma mu 2023 kampani ya Fervo, ku Nevada m'dziko la America, idabwereka luso la oboola mafuta. Chitsime chimatsika choongoka, kenaka nkukhota kumayenda chogona m'kati mwa mwala wotentha. Adapeza megawati 3 ndi theka. Nzochepa, koma zidaonetsa kuti njirayo igwira, ndipo tsopano akumanga zazikulu ku Utah.

Njirayi ili ndi choopsa chake, ndipo sindikubisirani. Kupopera madzi mwamphamvu pafupi ndi mng'alu waukulu kungathe kudzutsa chivomezi. Mu Novembala 2017 mzinda wa Pohang ku South Korea udagwedezeka. Nyumba zambiri zidaonongeka, anthu navulala. Mu 2019 akatswiri amene boma la kumeneko lidawatuma adapeza kuti chidayambitsa ndi chitsime choyesera cha mtundu umenewu. Dziko ngati lathu, limene lili kale ndi zivomezi, liyenera kuponda mosamala.

Tsono ndikuuzeni maganizo anga. Musayembekeze kuti galimoto loboola makilomita 5 lifika pa Kamwendo chaka chamawa. Kwa ife lero, dzuwa, mbaula ya chitetezo ndi kubzala mitengo ndizo zili pafupi. Koma nkhani ya Chiweta ndi yathunso. Nthambo za ESCOM zili ngati nkhokwe imodzi ya banja lalikulu. Wina akathiramo dengu ku Rumphi, chigayo cha kwa Mkanda chimapindula.

Ndiponso si magetsi okha. Kutenthako pakokha ndi chuma. Ku Eburru, ku Kenya komweko, alimi amaumitsa mbeu zao ndi nthunzi yotuluka pansi, ndipo amaitcheza m'mapaipi kuti apeze madzi a pakhomo. Ku Iceland nyumba 9 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi a pansi. Anzathu a kunyanja angathe kuumitsa usipa ndi mpunga ngakhale pa dzinja, osadula mtengo. Izi sizilira chitsime chakuya kwambiri.

Akabwera alendo ndi zipangizo

Mbali iyi ndiyo ikukhudzani inu amene mwaphunzira kuwerenga. Ofufuza, kaya a madzi, kaya a miyala, kaya a kutentha, amafika m'mudzi ndi galimoto, nthambo ndi mabotolo. Anthu osadziwa amachita mantha. Mu 2017, ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma ena a kumwera, mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa. Mlendo wa zipangizo musamuthamangitse ndi miyala. Mutengereni kwa a mfumu. Mufunseni kalata yochokera kwa bwanamkubwa. Ndipo kalatayo muiwerenge inu nomwe, mokweza, anthu onse akumva.

Komanso musangovomera zilizonse chifukwa mlendo wavala bwino. Ntchito zazikulu zimadya malo. Pa Olkaria pomwe paja, mu 2014, mabanja a Amasai ngati 150 adasamutsidwa kuti pamangidwe makina atsopano. Adapatsidwa nyumba, koma ena adadandaula kuti maina ao adasiyidwa pa mndandanda, ndi kuti malo atsopanowo sadali abwino kudyetsako ziweto. Madandaulo ao adafika mpaka ku mabanki amene adapereka ngongole. Ku New Zealand, makina a pa Wairakei atayamba ntchito mu 1958, akasupe ena otchuka a pafupi adaphwa. Amai amene amachapa pa Mawira ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Mukaboola, kasupe wathuyu atsala?"

Pepala likabwera, musafulumire kudinda chala. Onani ngati dzina lanu lalembedwa bwino. Onani kukula kwa munda umene alembapo. Onani nambala ya ndalama, muwerenge maziro ake. Funsani kuti achinyamata a m'mudzi adzalembedwa ntchito angati, ndi kuti nthambo zidzatsikira m'mudzi mwanu kapena zidzangodutsa pamwamba. Ngati pepalalo lili m'Chingerezi, pemphani la m'Chichewa. Pemphaninso lanu losunga kunyumba.

Bambo wa ku Joni uja nditamufotokozera zonsezi, adagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti thukuta lonse lija tinkakhetsa pansi paja, anali magetsi akungotayika!"

Mau atsopano

Lembani mau awa m'kope mwanu, lililonse katatu: jenereta, nthunzi, kasupe, digiri, megawati, mng'alu, chivomezi, kafukufuku. Kenaka sankhani atatu, mupange nao ziganizo zanuzanu.

Mafunso

1. Tchulani malo atatu m'Malawi amene ali ndi akasupe a madzi otentha. Nchifukwa chiani ambiri ali kufupi ndi nyanja?

2. Nchiani chidalakwika pa Kapisya? Kodi m'dera lanu mudaonapo ntchito ya chitukuko imene idayamba mwa njira yomweyo? Kambiranani, koma osatchula maina a anthu.

3. Thupi la munthu lili pa madigiri 37. Madzi a pa Chiweta ali pa madigiri 80. Asiyana ndi madigiri angati?

4. Pamalo pena nthaka ya pamwamba ili pa madigiri 25, ndipo kilomita iliyonse ionjezera madigiri 50. Aboole makilomita angati kuti apeze madigiri 175?

Zochita sabata ino

Ngati m'mudzi mwanu muli bambo amene adagwirako ntchito ku migodi, mupempheni mwaulemu adzacheze ndi kalasi. Mmodzi wa inu alembe zimene anene, ndipo alangizi anu adzanditumizire.

Pitaninso kwa a komiti ya mjigo wanu, mukafunse kuti mjigowo ndi wakuya mamita angati. Gawani 5,000 ndi nambala imeneyo, mubwere nalo yankho Lachiwiri.